Masipoti pamsewu wa ku Kachulu: kuwala kwa dalaivala, mdima kwa wapanjinga

Tambala woyamba asanalire, padooko la Kachulu m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa pamakhala patadzuka kale. Mabwato ochokera kuchilumba cha Chisi ndi kuzimbowera, timisasa toyandama tija asodzi amagonamo pakati pa njedza, amakhala akukocheza. Amayi ogula nsomba ali pamkangano wa mitengo ndi asodzi, anyamata aganyu nawo ali kalikiliki kukweza madengu ndi matumba pagalimoto.

Changu chimenechi n'chomveka. Matemba ouma angathe kudikira, koma mlamba ndi makumba aawisi sadikira munthu. Zikafika pamsika wa Zomba dzuwa litakwera, mtengo umakhala utagwa kale, ndipo mayi amene anatenga mpamba kubanki mkhonde amabwerera kumudzi ndi ngongole m'malo mwa phindu.

N'chifukwa chake galimoto za kuno ntchito yake ndi yamumdima. Ulendo wa makilomita pafupifupi 30 wochoka kunyanja, kudutsa pa Govala mpaka kukatulukira pa Matawale, umayendedwa anthu ena ali m'tulo. Misewu yotsikira kumadooko ndi yadothi: chilimwe ndi fumbi ndi mabampu, dzinja ndi matope ndi zithaphwi. Mulibe magetsi a mumsewu, mulibe mizere yoyera yolozera njira. Dalaivala amadalira maso ake ndi nyali za galimoto yake basi.

Mukayang'ana kumaso kwa galimoto zonyamula katundu kumeneku, makamaka zakalekale zija, mudzaona kuti zina zili ndi maso oposa awiri. Iyi yamangidwa nyali ziwiri zozungulira pabampala, iyo ili ndi chinyali chachitali ngati mpini wa khasu padenga. Madalaivala amazitcha masipoti.

Palibe angatsutse kuti masipoti amathandiza. Amaonetsa ng'ombe yogona pakati pa msewu, amaonetsa dzenje lisanathyole sipiringi, ndipo usiku umene mayi woyembekezera akuthamangira naye kuchipatala chachikulu cha Zomba, palibe amafunsa kuti nyalizo ndi zingati. Koma nyali zomwezo zikamangidwa mwachisawawa zimatentha galimoto n'kusiya chiphapha, kapena kuthobwa m'maso munthu wapanjinga amene akubwera kutsogolo atasenza thumba la mpunga. Chosiyanitsa ziwirizi si ndalama zambiri ayi. Ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa relay, fyuzi, waya woyenera ndi khoma loyezerapo.

Nkhalamba zosatopa

Kumaiko a ku Ulaya, Peugeot 404 kapena Land Rover ya m'ma 1960 ndi chuma chosungidwa m'nyumba, chopukutidwa Loweruka lililonse n'kumakaonetsedwa kuzionetsero. M'dziko muno galimoto zomwezo zinakhala abulu a katundu, ndipo zina sizinapumebe.

Peugeot 404 inayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Mng'ono wake, 504, anatuluka mu 1968. Timapikiapu tija ta Datsun 1200 ndi Nissan 1400, tomwe ambiri anabwera nato kuchokera ku Joni, tinapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Land Rover zambiri zinalowa m'manja mwa anthu wamba pomwe boma, maesiteti ndi mamishoni anazigulitsa zitatopa. Lero misewu yadzaza ndi Sienta, Probox ndi njinga zamoto za kabaza, koma nkhalamba zowerengeka zomwe zatsala eni ake sazitaya wamba. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amazimvetsa popanda kompyuta, ndipo matope a kudambo zinawazolowera.

Fashoni yodzaza nyali kumaso kwa galimoto nayo ili ndi mbiri yake. Ku East Africa kunali mpikisano wa Safari Rally womwe unayamba mu 1953, ndipo galimoto zinkathamanga usana ndi usiku m'misewu yafumbi ya ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Peugeot 404 inapambana mpikisanowu mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Shekhar Mehta anapambana kasanu ndi galimoto za Datsun ndi Nissan, mu 1973 komanso kuyambira 1979 mpaka 1982. Pazithunzi za nthawiyo galimoto zimaoneka zili mbuu ndi fumbi, kumaso kuli nyali zazikuluzikulu za makampani ngati Cibié, Hella ndi Lucas. Mnyamata aliyense wokonda galimoto ankasirira.

Chomwe chithunzi sichionetsa n'chakuti kuseri kwa nyalizo kunali amisiri, mawaya atsopano ndi chipangizo chopangira magetsi chofanana ndi ntchitoyo. Pikiapu ya ku Chilwa inatengera maonekedwe okha.

Nyali zakale sikuti zinabadwa zofooka

Mwini galimoto akaona kuti nyali zake zafiira ngati koloboyi, maganizo oyamba ndi ogula masipoti. Koma nthawi zambiri vuto silikhala kuchepa kwa nyali. Limakhala njala ya magetsi.

M'galimoto zambiri zakale, magetsi amachoka kubatire, n'kulowa m'kati mwa galimoto kukadutsa paswichi ya dalaivala, kenako n'kubwereranso kutsogolo kunyali. Ulendo wonsewo umadutsa m'mawaya a zaka 40 kapena 50, m'malo olumikizira odya dzimbiri, ndi pawaya wa ethi womangidwa pachitsulo chomwe chamwa madzi a kudambo dzinja lililonse. Madzi a Chilwa ndi amchere pang'ono, poti nyanjayi ilibe mtsinje wotuluka, ndipo chitsulo sichigwirizana ndi mchere. Paliponse pomwe pali dzimbiri, magetsi amatayikapo.

Babu la halogen silikhululuka pa nkhani imeneyi. Magetsi ofika pababu akachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumachepa ndi pafupifupi magawo atatu mwa magawo 10. Ndiye kuti galimoto imene ikutaya volt imodzi ndi pang'ono m'njira imakhala yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake, babu lili labwinobwino.

Onjezanipo mbale yonyezimira ya kuseri kwa babu yomwe yachita dzimbiri, galasi losweka lomwe lamwa fumbi, ndi matope ouma pagalasipo. Makaniko wodziwa ntchito amayambira pamenepa: kupala dzimbiri pa ethi, kutsuka malo olumikizira, kusintha mbale yowola, ndi kupatsa nyali zazikulu relay yakeyake. Eni galimoto ena akamaliza izi amapeza kuti masipoti safunikanso. Tsoka lake malangizo otere sakoma m'khutu, chifukwa waya wotsukidwa saoneka kwa anzako pasiteji, pomwe nyali zinayi zimaoneka.

Kusiyana kwa nyali n'kofunikanso kukudziwa musanatulutse ndalama. Pali nyali zoponya kuwala patali mowongoka, zothandizira fulu. Palinso nyali za nkhungu, zomwe kuwala kwake n'kotambalala koma kwapansipansi. Ziwirizi ntchito yake ndi yosiyana, ngakhale pamsika zimagulitsidwa ndi dzina limodzi. M'mamawa wa mu Juni ndi Julaye, nkhungu ikakuta dambo la Chilwa, nyali yoponya patali imangomanga khoma loyera kumaso kwa dalaivala. Chimodzimodzi mukamatsatira lole m'fumbi la mu Okutobala. Apa yothandiza ndi ya nkhungu, yomangidwa m'munsi mwa bampala.

Masamu a pansi pa boneti

Pali kasamu kamodzi komwe aliyense womanga masipoti ayenera kukadziwa, ndipo mwana wa Sitandade 7 angathe kukachita. Tengani ma watt olembedwa pababu, muwagawe ndi ma volt 12 a batire, ndipo mupeza ma amp, omwe ndi kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya.

Babu wamba la sipoti, la mtundu wa H3, ndi la ma watt 55. Awiri ndi ma watt 110, kutanthauza ma amp 9 ndi pang'ono. Koma pamsika pali mababu a ma watt 100, ndipo ambiri amathamangira amenewo. Awiri okha amadya pafupifupi ma amp 17.

Tsono magetsi amenewa achokera kuti? Galimoto zambiri za ku Britain za m'ma 1960, kuphatikizapo Land Rover, zinkatuluka ndi dayinamo ya Lucas yopereka ma amp 22 ikalimbikira kwambiri. Nyali zazikulu ziwiri pa fulu zimatengapo pafupifupi ma amp 10. Nyali zakumbuyo, za padashibodi, koyilo ya injini ndi mawaipa zimagawana otsalawo. Mukawonjeza masipoti, ndiye kuti mwaitana alendo pa nsima yomwe inali yoperewera kale. Ndipo masiku ano pansima pomwepo pamakhalanso wailesi ya masipika akuluakulu ndi mafoni a okwera omwe akutchajidwa.

Dayinamo ilinso ndi khalidwe lina: injini ikamayenda pang'onopang'ono, siipereka magetsi okwanira. Pamsewu wamatope galimoto imayenda ngati nkhono kwa ola lathunthu nyali zonse zili ngwee, ndipo kusiyana konseko kumachoka m'batire. Mapeto ake aliyense wa ku Chilwa amawadziwa. Injini ikangozima pachithaphwi, kiyi amangoti kete, ndipo kondakitala amayamba kuchonderera: amayi tatsikani, abambo tithandizeni kukankha.

Mankhwala ake ndi kusintha dayinamo n'kuikapo alutaneta, yomwe imatchaja ngakhale injini ikuyenda pang'ono. Land Rover za Series III, zomwe zinayamba kutuluka mu 1971, zinkabwera nayo kale. Amakaniko a ku Zomba ndi ku Limbe ntchito yoika alutaneta ya galimoto ina pa injini yakale anaizolowera, kungoti chomangira chake chiyenera kukhala chowongoka, apo ayi lamba amatha msanga.

Koma choopsa kuposa batire yakufa ndi moto.

Njira yachidule yomangira masipoti, yomwe imachitika mwini galimoto akamati achimwene ingolumikizani tikuchedwa, ndi yosenda waya wa nyali yaikulu n'kupotolerapo waya wa sipoti, kenako kukulunga ndi tepi kapena pulasitiki ya jumbo. Nyali zimayakadi, mwini galimoto n'kulipira akumwetulira. Komatu tsopano swichi yomwe inapangidwira ma amp 10 ikunyamula 19 kapena 27. Imayamba kutentha, pulasitiki yake imafewa, ndipo tsiku lina nyali zonse zimazima nthawi imodzi galimoto ili paliwiro. Pena mawaya amasungunuka pansi pa dashibodi, fungo la pulasitiki n'kumveka utsi utayamba kale.

Relay inapangidwira kupewa zimenezi. Ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, kamiyendo inayi yolembedwa manambala 30, 85, 86 ndi 87. Nambala 30 imalandira waya wonenepa wochokera kubatire. Nambala 87 imatumiza magetsiwo kumasipoti. Nambala 85 imapita ku ethi. Nambala 86 imalandira kawaya kakang'ono kochokera kuwaya wa fulu, kudzera pakaswichi ka padashibodi. Kawayaka sikanyamula katundu, kamangouza relay kuti tsegula kapena tseka, ndipo magetsi ake safika ndi theka la amp lomwe. Katundu yense amayenda njira yaifupi, kuchoka kubatire kupita kunyali, osalowa m'kati momwe muli anthu.

Kulumikiza nambala 86 kuwaya wa fulu kuli ndi phindu lina lalikulu, lomwe mwina ndi loposa onse. Dalaivala akangodima, masipoti amazima okha. Safunika kufufuza kaswichi kachiwiri mumdima dzanja lina lili pagiya. Malamulo a ku Ulaya amafuna kuti nyali zoponya patali zizimangidwa motere, ndipo amene anaganiza zimenezi anali ndi wapanjinga m'mutu.

Fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira kutalika kwa rula ya kusukulu. Chifukwa chake n'chakuti fyuzi imateteza waya amene ali kutsogolo kwake yekha. Waya akakhuzika pachitsulo fyuzi ili kutali, gawo lonse la pakati pa batire ndi fyuziyo limafiira ngati waya wa mbaula yamagetsi. Pa masipoti awiri a ma watt 55, fyuzi ya ma amp 15 ndi waya wa mamilimita 2.5 n'zokwanira.

Ndipo fyuzi ikapsa, yanena kanthu. Chizolowezi choikapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kawaya kapena msomali n'chimodzimodzi kumanga pakamwa mlonda kuti asakuwe akuba atalowa. M'zaka zimene mafuta akhala akusowa m'dziko muno kuyambira 2022, madalaivala ambiri akumidzi azolowera kuyenda ndi chigubu cha petulo kuseri kwa mpando. Chigubu chimenecho ndi waya wofiira sizifunika kukumana.

Waya weniweni nayenso ndi nkhani. Waya wa m'nyumba, wachitsulo chimodzi cholimba, amathyoka ndi kugwedezeka kwa mabampu. Wa galimoto ndi wa timawaya tambirimbiri tofewa. Paliponse pomwe akudutsa pabowo la chitsulo pamafunika kamphira kotchinga, ngakhale kachidutswa ka payipi ya petulo yakale kamagwira ntchitoyo. Komanso babu la halogen siligwiridwa pagalasi ndi zala, poti mafuta a m'manja amalipsereza msanga.

Kubwera kwa LED

Zaka zapitazi msika wasintha. Nyali za LED, zomwe maziko ake ndi ntchito ya akatswiri atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2014, zafika mpaka m'mashopu a sipeya a m'matauni ang'onoang'ono. Kwa galimoto yakale, zili ndi ubwino woonekeratu. Zimadya magetsi ochepa poyerekeza ndi kuwala kwake, ndipo zilibe kawaya kowala kam'kati komwe kamaduka ndi mabampu.

Koma zotchipa zambiri zili ndi bodza palebulo. Ma watt olembedwa pabokosi amakhala ambiri kuposa enieni, madzi amalowa dzinja loyamba lomwe, ndipo kuwala kwake kumamwazika paliponse, m'mitengo, m'mwamba ndi m'maso mwa anthu, m'malo mopita pamsewu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya yabwino inakwera mtengo kwambiri, ndipo n'zosadabwitsa kuti ambiri amagula yomwe thumba lalola.

Choipa kwambiri ndi kulowetsa babu la LED m'mbale yakale yomwe inapangidwira halogen. Mbaleyo inaumbidwa kuti itole kuwala kochokera pakadontho kamodzi. Babu la LED likawalira pamalo ena, mzere wa dimu umasokonekera. Dalaivala amaona ngati zinthu zayera chifukwa pafupi pawala kwambiri, koma patali saona bwino, ndipo wobwera kutsogolo amathobwa ngakhale galimotoyo itadima.

Eni galimoto za ku Britain zakale kwambiri ali ndi msampha wina. Land Rover zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 zinkamangidwa mbali ya pozitivu ya batire ndiyo ili kuchitsulo cha galimoto, mosiyana ndi galimoto za lero. Babu wamba silisamala zimenezo, koma LED imasamala. Zambiri zinatembenuzidwa kalekale, komabe kuyang'ana batire kaye sikudya ndalama.

Chinyali cha padenga chija chimaoneka bwino pasiteji, koma pamsewu wafumbi ndi mdani wa mwini wake yemwe. Kuwala kwake kumagwera paboneti n'kubwerera m'maso, ndipo fumbi lililonse lomwe lili pakati pa denga ndi msewu limayaka. M'mphepete mwa nyanja muli vuto linanso. Tizilombo touluka timakonda kuwala koyera kopita kubuluu kuposa kwachikasu. Usiku wa mvula yoyamba, ngumbi zikatuluka, galimoto ya LED imakhala ngati yaitanira chulu chonse pagalasi.

Womangira masipoti kutsogolo kwa radiyeta nayenso aganize kawiri. Nyali ziwiri zazikulu zimatchinga mphepo, ndipo injini yakale yodzaza katundu m'kutentha kwa Novembala kuchigwa cha Chilwa imafuna mphepo yonse imene ingapeze.

Amene ali mbali inayo ya kuwala

Msewu wa kunyanja usiku si wa galimoto zokha. Ndi wa anthu apanjinga onyamula madengu a nsomba, mpunga wa kusikimu ya Likangala, makala ndi nkhuni. Ndi wa ngolo, wa akabaza, wa ana a sukulu olawirira, wa amayi opita kuchigayo. Njinga zambiri zilibe nyali kapena chonyezimira chilichonse. Lipoti la bungwe la WHO la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga ndi a njinga zamoto.

Mbali imodzi, ichi ndiye chifukwa chenicheni chofunira nyali zabwino. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Kuchokera pomwe diso laona chinthu kufika pomwe phazi laponda buleki, mamita 20 amakhala atapita. Padothi, ndi katundu kumbuyo, pamafunikanso ena oposa 20 kuti galimoto iime. Nyali yofiira yoonetsa mamita 30 okha ndiye kuti imaonetsa wapanjingayo mochedwa.

Koma tembenukani mukhale pachishalo cha njingayo. Maso anu azolowera mdima, mukuona njira ndi kuwala kwa mwezi. Mwadzidzidzi pakona patulukira dzuwa. Simukuonanso msewu, simukuona ngalande kumanzere kwanu, simukudziwa kuti galimotoyo ndi yaikulu bwanji. Kumbuyo kwanu kuli thumba la makilogalamu 50 lomwe likukankha njinga. Galimoto ikadutsa, maso amatenga masekondi angapo kuti abwerere, ndipo kwa munthu wachikulire nthawiyo imatalikirapo. Ambiri ogwera m'ngalande motere salembedwa m'buku la polisi. Amangodzuka, kutola nsomba zawo m'matope n'kumapita akutsimphina, dalaivala osadziwa n'komwe kuti kumbuyo kwake kwachitika kanthu.

Madalaivala okhaokha akakumana, pamakhala nkhondo ina yopanda nzeru. Uyu akapanda kudima, uyo amayatsa zake zonse pobwezera. Kwa masekondi atatu, anthu awiri osaona akuthamangitsa zitsulo zolemera pamsewu wopapatiza, aliyense akudya mamita 40, ndipo pakati pawo pangakhale mwana wa munthu.

Pali chinthu chimodzi chomwe ngakhale dalaivala waulemu amaiwala. Masipoti amamangidwa ndi kuyezedwa masana kugaraja, galimoto ilibe kanthu. Usiku, kumbuyo kukadzaza madengu, matumba ndi eni katunduyo, masipiringi otopa amagonja, kumbuyo kumakhala pansi ndipo mphuno imadzuka. Nyali zonse, ndi dimu yomwe, zimaloza kumwamba. Dalaivala amadandaula kuti sakuona msewu, n'kuganiza zowonjezera nyali zina, pomwe kuwala kwake kukuthera m'nthambi za mitengo ndi m'maso mwa anzake.

Lamulo silinakhale chete. Malamulo a pamsewu a dziko lino, omwe maziko ake ndi Road Traffic Act ya 1997, amafuna kuti galimoto ikhale ndi nyali zogwira bwino ntchito, ndipo nyali ndi chimodzi mwa zinthu zomwe a Road Traffic amayang'ana popereka COF. Buku la Highway Code limalamula kudima pokumana ndi ena. Nyali zothwanimathwanima zabuluu ndi za apolisi, si zokongoletsera matola. Wofuna kuwonjezera nyali achita bwino kukafunsa kuofesi za Road Traffic asanaboole bampala, kusiyana ndi kukamva yankho paroadblock. Koma kunena zoona, pakati pa Govala ndi Kachulu 3 koloko m'bandakucha palibe wapolisi. Wodima amadima mwa iye yekha.

Nyanja nayo imasintha msewu. Chilwa inauma mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka chigwa chong'ambikang'ambika. Madzi akathawa, asodzi amawatsatira, ndipo galimoto zimatsatira asodzi m'tinjira ta kudambo topanda chizindikiro chilichonse. Madzi akabwerera ndi ukali, ngati momwe zinakhalira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, milatho ndi makalavati zimakokoloka, ndipo malo amene dzulo panali msewu lero pali phompho. M'nyengo zotere dalaivala amafunadi kuona patali, ndipo palibe angamudzudzule.

Choko ndi khoma

Kuyeza nyali sikufuna makina. Kumafuna khoma, malo osalala, choko ndi chingwe choyezera. Nthawi yabwino yochitira izi ndi pomwe nyanja yatsekedwa kuyambira mu Disembala kuti nsomba ziswane, ntchito itachepa ndipo galimoto zili m'manja mwa amakaniko.

Madzulo kukayamba kuda, kwezani pagalimoto katundu wofanana ndi amene imanyamula masiku onse, kaya ndi matumba a mchenga kapena achibale ofuna kuthandiza. Popani matayala moyenera. Imikani galimoto mamita 10 kuchokera pakhoma, itayang'ana khomalo mowongoka. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, n'kulemba mzere wa choko pakhoma pamlingo womwewo.

Yatsani dimu. Malire a pamwamba a kuwala ayenera kugwera masentimita 10 mpaka 15 kunsi kwa mzerewo. Mbali yomwe kuwala kumakwera pang'ono iyenera kukhala kumanzere, kumphepete kwa msewu, poti dziko lino timayenda kumanzere. Ngati kukukwera kumanja, ndiye kuti nyaliyo inapangidwira maiko oyenda kumanja ngati China kapena Dubai, ndipo palibe bawuti imene ingaikonze.

Kenako phimbani nyali zazikulu ndi chiguduli, muyatse fulu ndi masipoti. Pakati pa kuwala kwa sipoti iliyonse payenera kugwera pamzere wa msinkhu wake kapena kunsi pang'ono, molunjika kutsogolo, osati mopingasa. Mukamaliza, dimani. Ngati masipoti akadali oyaka, ntchito ya waya sinathe.

Zomangira zikhale zachitsulo chochindikala, zomangidwa pamalo olimba, ndi mawashala a sipiringi kapena manati awiriawiri. Sipoti yomangidwa pachitsulo chopyapyala imanjenjemera ulendo wonse, kuwala n'kumavinavina pamsewu mpaka mutu kupweteka.

Choko chija musachifufute. Mabampu a msewu wa ku Kachulu amamasula nati iliyonse, ndipo galimoto ikabwerera pakhoma lomwelo patatha sabata imodzi ya maulendo, mzere uja umaonetsa kuti nyali yasuntha ndi zala zingati.